Nthenga M'chigawo Chosathira Kanthu

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lamulungu lachiwiri la Febuluwale chaka chatha, titangotuluka m'mapemphero, pakhonde la tchalitchi chathu ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza kufupi ndi Harare. Linali la pakamwa, ndipo pamenepo ndikuvomera kuti ndinalakwa, chifukwa komiti yathu ya munda mawu a pakamwa imawalandira ndi khutu limodzi n'kuwaperekeza ndi linzake. Patapita masiku atatu ndinalilemba papepala. Kenako ndinalembanso ena awiri, lina tisanakolole, lina titakolola. Makope ake a kaboni ali m'fayilo yobiriwira, pamodzi ndi mapu a munda ndi kathumba ka nthenga kamene ndifotokoze pambuyo. Yankho limene ndalandira kufikira lero ndi limodzi, la a wapampando, amene amanditcha agogo m'Chishona: "Tazimva, sekuru."

Kumva ali nako. Ndawayesa kangapo.

Bambo anga anachokera ku Dedza nadzakalambira pa famu ya fodya, ndipo ine ndinayamba ntchito yotsuka mabotolo pa siteshoni ina yofufuza za ulimi kunja kwa Harare. Pamenepo ndinakhala zaka zoposa makumi atatu. Ndinaphunzira madzulo, ndinalemba mayeso, ndipo ndinachoka pa mabotolo kupita ku nthaka yeniyeni: kuibowola, kuiika m'timatumba ta pepala, kulemba nambala kunja ndi mkati, kuiyanika pamthunzi, kuisefa, kuiyeza. Ndinaphunziranso kuwerenga tsamba la chimanga. Masamba am'munsi akachita chikasu, ndimadziwa chimene mbewu ikulira. Akatuluka mizere yoyera ali aang'ono, ndimadziwa kuti mbewu ikusowa mchere wa m'nthaka wotchedwa zinki. Satifiketi iliyonse ya zimenezi ndili nayo, ngakhale kuti ku komiti palibe anaipemphapo.

Pa zonse zimene ndinaphunzira, ziwiri ndizo zazikulu. Choyamba, mchenga wathu uno ukalimidwa zaka zambiri umawawasa, ndipo kuthira feteleza pa nthaka yowawasa kuli ngati kupatsa nyama yootcha munthu wa zilonda zakukhosi. Chakudya chilipo koma sichidutsa. Mankhwala ake ndi laimu wa m'munda. Chachiwiri, poyesa chilichonse umasiya chigawo chimodzi osachithira kanthu. Umachilima, umachipalira, koma umachimana dala. Chimenecho ndiye mboni. Popanda icho sungadziwe ngati chimanga chakula chifukwa cha mankhwala ako kapena chifukwa mvula inangogwa bwino. Ku siteshoni ndinakalipirapo wantchito wina wokoma mtima amene anakutumulira thumba la feteleza m'chigawo chotere. Ndinamukalipira mpaka anagwetsa misozi. Sindinadziwe kuti Mulungu akusunga tsikulo m'fayilo yake.

Nditapuma ntchito ndinakhazikika m'nyumba yathu ku Unit G. Kuseri kwa tchalitchi kuli munda wa mpingo, ndipo chimanga chake ndicho chimadyetsa anthu pa maliro a akhristu athu. Chaka ndi chaka komiti inkawonjezera feteleza, chimanga n'kumachepa. Anadzudzula mvula. Anadzudzula feteleza wa masiku ano. Wina anadzudzula achinyamata, amene sanapondemo n'komwe. Ine ndinatengako nthaka, ndinaiyezetsa, ndipo ndinaimirira pa msonkhano ndi pepala m'manja n'kunena kuti munda ukufuna laimu.

A wapampando, amene moyo wawo wonse ankayendetsa basi, anandiyang'ana mwachifundo.

"Sekuru, laimu ndi wopakira nyumba. Tikayeretsa munda, chimanga chidzaganiza kuti ndi Khirisimasi?"

Anthu anaseka. Komabe anandipatsa kangodya ka munda kwa nyengo zitatu. Tinagwirizana kuti chaka chachitatu komiti idzabwera kudzaona ndi maso. Laimu akapambana, munda wonse udzathiridwa laimu. Akalephera, ine ndidzatseka pakamwa n'kubweza kangodyako. Mgwirizanowu anaulemba mlembi wa komiti, ndipo ndinene msanga kuti mlembi wa komiti ndi mayi a kunyumba kwanga. Takhala limodzi zaka makumi anayi. Amalemba bwino kwambiri.

Kangodyako ndinakadula panayi, ndi zikhomo ndi chingwe: chigawo cha feteleza yekha, cha laimu yekha, cha zonse ziwiri, ndi chosathira kanthu. Pa ntchito yathu susankha wekha kuti chiti chikhale pati, kuopa kukondera. Umachita maere. Ndinalemba timapepala tinayi, ndinatiponya m'chipewa, ndipo chigawo chosathira kanthu chinagwera m'mbali mwa msewu, pamene makombi, maminibasi opita ku Harare, amaima. Mayi anaona zimenezi nthawi yomweyo.

"Abambo, bwerezani maerewo."

"Maere sabwerezedwa, mayi. Ukabwereza ndiye kuti wasankha."

"Ndiye sankhani."

Sindinasankhe. Munthu wophunzira ndine.

Nyengo ziwiri zoyamba zinayenda monga mwa buku. Chigawo cha laimu ndi feteleza chinkatsogola, ndipo mboni yanga ya kumsewu inali yomvetsa chisoni kwambiri: tizimanga tofika m'mawondo, tachikasu, tobereka tizisononkho ngati chala. Ine ndikayang'ana ndinkaona ntchito yabwino. Anthu a ku Zengeza ankaona zina. Anyamata oitanira anthu m'makombi anapatsa malowo dzina. Ukakwera, unkamva akukuwa m'Chishona, "Pane anoburuka here pachibage chapurofesa?" kufunsa ngati alipo wotsikira pa chimanga cha pulofesa. Ine si pulofesa, ndipo ndinamufotokozera mmodzi wa iwo zimenezi, komanso tanthauzo la chigawocho, kuyambira ku Zengeza mpaka ku Town Centre. Anamvetsera mwaulemu. Mawa lake anakuwa kuposa kale.

Kunyumba nkhani inkabwera pafupifupi sabata iliyonse.

"Abambo, chigawo chamumsewucho simungachithireko ngakhale kadzanja kamodzi? Amayi ogulitsa tomato akundifunsa ngati munaphunziradi za ulimi kapena munkangosesa kumeneko."

"Chimenecho ndi mboni, mayi."

"Mboni yanji yofa ndi njala anthu akuona? Ngakhale ku khoti mboni amaipatsa madzi."

"Chaka chimodzi chatsala."

"Chaka chimodzi kwa inu. Ine ndimakwera kombi tsiku lililonse."

Mu Okutobala, nyengo yachitatu isanayambe, ndinapita ku Harare kukapimitsa maso. Linali Lachinayi, tsiku limene amayi a mpingo amasonkhana atavala yunifolomu. Khadi la kuchipatala ndili nalo. Mawa lake nditapita kumunda ndinapeza zikhomo zili m'malo mwake, koma chingwe cha kumsewu chinali ndi mfundo yachilendo, yomangidwa kawiri monga amamangira thumba la ufa. Ndinalemba zimenezi m'kope langa, ndipo pambali pake ndinalemba kuti mwina ndi ana. Sabata yomweyo ndinayamikira mayi kuti khola lathu la nkhuku alisesa bwino kuposa masiku onse. Anati zikomo.

Mvula inagwa, tinabzala. Pofika Januwale mboni yanga inali itandipitirira msinkhu, yobiriwira mpaka kuda, masamba otambalala ngati a nthochi. Pano ndiyenera kunena zoona, poti mapepala alipo: kwa masabata awiri ndinkakhulupirira kuti ndatulukira chinthu chatsopano. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi a maganizo. Ndinaganizira madzi ochokera mumsewu, ndinaganizira chiswe, ndinaganizira ngakhale utsi wa makombi. Zaka makumi atatu za kafukufuku, ndipo sindinaganizire munthu amene ankandipatsa tiyi m'mawa uliwonse akundifunsa kuti chimanga chikuyenda bwanji.

Tsiku lina ndinatenga chobowolera changa n'kubowola pakati pa mizere. Chinatuluka ndi utuchi, zitosi zowolerana, ndi nthenga. Ndinabowola malo khumi, nthenga malo khumi. Zina zinali zamawangamawanga, za nkhuku imene ndimaidziwa bwino chifukwa imandijompha ndikamatola mazira. Ndinaziika m'kathumba ka pepala, nambala kunja ndi mkati.

"Mayi, zitosi za m'khola lija zinapita kuti?"

"Zinapita kokagwira ntchito."

"Ndi ndani?"

"Tinalipo khumi ndi awiri. Aliyense ndi ndowa yake, ena anabweretsa za kwawo. Tinazikwirira bwinobwino, zikhomo zanu sitinazisunthe. Tinapempheranso."

"Mwapha kafukufuku wa zaka zitatu!"

"Tapha? Mwachiona chimangacho? Chikuoneka chakufa?"

"Chakula, ndipo vuto lake ndi lomwelo."

"Abambo, m'Chitungwiza monse muno ndinu nokha amene mukulira chifukwa chimanga chakula."

Komiti inabwera mu Febuluwale monga tinapangana. A wapampando anadutsa chigawo cha laimu ndi feteleza, chimene chinali chokongola ndithu, osachiyang'ana kawiri. Anakaima pansi pa chimanga cha kumsewu, chipewa m'manja, mutu chagada.

"Sekuru, ichi munathira chiyani?"

"Ine sindinathire kanthu, koma pali..."

"Ayi, tiyankheni bwino. Pa mapu anu aja, ichi ndi chiti?"

"Chosathira kanthu."

"Ndiye chosathira kanthu chapambana laimu?"

Ndinatulutsa kathumba kanga n'kuwaonetsa nthenga. Anazitenga, anazinunkhiza, anandibwezera.

"Nkhuku zimayenda paliponse, sekuru. Zilibe mapu."

Ndinatembenukira kwa mlembi. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, buku pamiyendo, akulemba mosamala ngati munthu amene akumva nkhaniyi koyamba. Amayi ena anayi a m'komiti, amene ndowa zawo ndikuzidziwa, anayamba kuchita chidwi ndi mitambo. M'buku munalembedwa kuti komiti yaona chigawo chosathira kanthu chitakula kuposa zonse, choncho nkhani ya laimu yatha, ndipo kangodya kabwerere ku munda waukulu. Kope lake ndili nalo. Mulibe cholakwika ngakhale chilembo chimodzi.

Ndawapempha mayi kambirimbiri kuti awonjezere mzere umodzi wokha. Amati akalemba ndiye kuti aika amayi khumi ndi awiri m'buku la mpingo ngati onyenga, chikhalirecho iwo anangochotsa manyazi pa nyumba yathu. Amandikumbutsanso kuti anyamata a makombi anasiya kukuwa. Zimenezo n'zoona. Makalata anga onse amawalandira patebulo lathu lodyera, amasayina pa kope langa kuti alandira, n'kuwaika m'chikwama chawo cha kutchalitchi, mmene akugona mwamtendere kufikira lero.

Pakadali pano komiti yatenga phunziro limene maso ake anaona. Nyengo yapitayi inachepetsa feteleza, poti chosathira kanthu chinapambana, ndipo laimu sinagule. Munda wonse unafanana ndi mboni yanga ya zaka ziwiri zoyamba, kupatula kachigawo kamodzi kobiriwira m'mbali mwa msewu, kamene a wapampando amati n'kodalitsika. Pa maliro a mkulu wina wa mpingo mwezi watha, ufa unatha tsiku lachiwiri alendo a ku Mbare asanafike. Manyowa a nkhuku ndi abwino, sindikuwanyoza, koma nkhuku zonse za ku Unit G sizingakwanitse munda umenewo, ndipo nthaka yake ikadali yowawasa monga ndinaipezera. Kangodya kakale sikangagwirenso ntchito, chifukwa mphamvu ya zitosi imakhalitsa m'nthaka. Pakufunika malo atsopano ndi nyengo zina zitatu, ndipo pa msinkhu wanga nyengo zitatu sindingazilonjeze ngati kale.

Choncho, ine amene ndalemba izi, mkhristu wa mpingo uno komanso mwamuna wa mlembi, ndikupempha mwaulemu komiti ya munda kuti ilembe m'buku lake kuti chigawo chosathira kanthu chinathiridwa zitosi za nkhuku ine ndili kuchipatala. Mayina a amayi sindikuwafuna, ndili nawo kale. Ndikupemphanso kangodya kena kuseri kwa chimbudzi cha tchalitchi, kumene kombi siona, mvula ya chaka chino isanagwe. Yankho likhale lolembedwa, losayinidwa ndi a wapampando, ndipo mlembi alipereke m'manja mwanga. Sadzavutika kundipeza.