Mtima wa Ng'ombe wa Nsomba za Achimwene

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ntchito yodyetsa nsomba za achimwene anga a Wedisoni inandigwera. Tinkakhala ku Mufakose, komboni ya m'tauni m'dziko la anthu olankhula Chishona, ife tili obwera. Achimwenewo ankagwira ntchito m'sitolo ya mzungu wogulitsa nsomba zowetera m'nyumba, ndipo tsiku lina anabwera ndi thanki yagalasi yomata ndi phula pakona, muli nsomba zitatu zamizere yakuda, zokula ngati chikhatho. Patapita miyezi ingapo anatuluka m'mawa ngati akupita kuntchito, osabweranso. Nkhondo yomenyera ufulu inali itakula. Tonse tinadziwa kuti awolokera ku Mozambiki kukalowa nawo nkhondoyo, koma panalibe wotchula, poti sunkadziwa mnansi amene amanong'oneza apolisi.

Bambo anangonena mawu amodzi basi: "Nsombazi Wedisoni adzazipeze zamoyo."

Masiku ena zinkadya nyongolotsi zomwe ndinkakumba kuseri kwa mpopi, koma Loweruka linali la mtima wa ng'ombe. Bambo ankagula kachidutswa kubutchala, n'kundikhazika pakhonde ndi lezala ndi sosala. Uchotse mafuta onse, uchotse mitsempha yoyera ija, kenako uzipala mnofu wofiirawo pang'onopang'ono mpaka ufewe ngati phala. Ukatero upatse nsomba kokwanira pansonga pa chala. Wotsalawo uupake pasosala, uume padzuwa.

Zinkandipsetsa mtima, sindinama. Anzanga akumenya mpira pamsewu, ine ndili zyoli, ntchentche zili ng'waa m'manja. Ndiye taganizani, mnofu wabwino ukupita kwa nsomba, ife anthu mayi akutikazingira repu ndi timafuta totaya tija.

Tsiku lina ndinaphulika. "Bambo, kodi m'nyumba muno ana ndi ati? Ife kapena izi?"

"Pala, Yohane," iwo anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Mafuta sizigaya zimenezi. Wasiya koyera apo."

Loweruka lotsatira bambo anaitanidwa kumaliro ku Highfield. Anyamata anandipeza pakhonde, mmodzi n'kuyamba kundiseka m'Chishona kuti ife Mabhurandaya, dzina lomwe ankatinyoza nalo obwerafe, tafika pophikira nsomba. Magazi anandithamanga. Ndinatenga mpeni wa mayi, n'kudula chidutswa chonse mwachisawawa, mafuta ndi mitsempha zomwe, n'kukhuthulira m'galasimo.

"Idyani mukhute, mabwana!"

Zinalimbirana ndithu. Ine ndinapita kumpira ndikumva kuti ndawina.

M'mawa mwake chinandidzutsa ndi fungo. Madzi anali atayera ngati maheu, pamwamba pali mafuta, nyama yowola ili mbwee pansi. Nsomba ziwiri zinali zitatembenuza mimba. Yachitatu inali pakona, ikutsegula kukamwa pamwamba pa madzi.

Ndinadikira lamba. Ndinkaufuna n'kuufuna, chifukwa munthu akakumenya umapeza poyambira kukwiya. Koma bambo anavuula ziwiri zija ndi dzanja, n'kuzikulunga m'nyuzipepala mosamala. Mayi anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Wedisoni akadzafunsa," bambo anatero chapansipansi, "udzayankhe ndiwe."

Tsiku lonselo ndinatunga madzi. Bambo sanalole kuti tithire a pampopi mwachindunji, ankati amapha, ndiye tinakapempha madzi ogonera a mumgolo wa amayi a pafupi. Kuchotsa chitini chimodzi, kuthira chimodzi, mpaka msana unauma. Nsomba ija inapulumuka. Lezala sanandipatsenso. Loweruka lililonse ankapala okha, ine ndikuwaonera patali, ndipo izo zinkandiwawa kuposa lamba.

Sukulu ndinaisiyira panjira nditamenyana ndi mphunzitsi, ndipo mtima wapachalawo sunandichoke mpaka lero. Nkhondo inatha, ana a anthu anabwera pamalole akuimba, ife tinaima pamsewu masiku ambiri kudikira achimwene. Nsomba ija inafa yokha ndi ukalamba. Achimwene sitinawaonebe, ndipo funso lija palibe wandifunsa.

Chimene chimandikwiyitsa tsopano ndi ine mwini, kuti zinanditengera zaka kuti ndione chinthu choonekeratu. Bambo anali ndi mwana kutchire amene sakanatha kumutumizira chakudya, kapena bulangete, kapena kalata, ngakhale kutchula dzina lake pagulu. Chimene chinawatsalira choti amuchitire chinali kachidutswa ka nyama kaja basi. Anandipatsa ine lezala kuti nanenso ndikhale ndi chowachitira achimwene anga, ine n'kumawerengera mnofu.