Amayi Perpetua Kamanga ndi Mizu ya pa Mitengo ya Parishi

Mwezi watha parishi yathu ya ku Chilenje inaika m'manda amayi Perpetua Kamanga, amake Towela, amene ankachapa nsalu za paguwa. Andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, ndipo ndavomera ndi mtima wonse, ngakhale zina mwa izi ziwayabwa akuluakulu ena.

Anabadwira kufupi ndi Chadiza, m'banja losauka koma lopemphera. Ali mtsikana, pokatola nkhuni kumtsinje, ankapeza kachomera kena kokangamira pa nthambi. Kalibe masamba, ndi mizu yokhayokha yotuwa, yopiringizana ngati ulusi. Sikakhudza dothi, ndiponso sikayamwa mtengo monga uchitira ulimbo. Kamangogwira khungwa n'kumamwa mame ndi mvula, ndipo mizuyo ikanyowa imabiriwira. Ophunzira amati ndi mtundu wa okidi, m'bale wake wa chikanda chomwe timadya. Kamakonda nkhalango zachinyezi za m'mitsinje, n'chifukwa chake muno mu Lusaka, momwe mitengo yachilengedwe tinaimaliza kalekale, sikaonekaoneka.

Atakwatiwa ndi a Matthew Kamanga, mesenjala wa boma, anabwera ku Chilenje. Bambowo anamwalira ana akali aang'ono, ndipo amayi anayamba kugulitsa nkhuni ndi makala pamsika. Manja akuda bii ndi makala amenewo ndi omwe Loweruka lililonse ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa mpaka kuyera mbee. Ntchito imeneyi ankaikonda koposa china chilichonse. Ankati, "Ine kuimba sinditha, kuwerenga kutsogolo sinditha. Ndimapemphera ndi sopo."

Atakalamba, tsiku lina anaona kachomera kaja pa nkhuni zomwe lole inabweretsa kuchokera ku Rufunsa. Zinawawawa kuti kakapsere pansi pa mphika wa munthu. Anayamba kudula tinthambi tomwe kagwirapo n'kumakatimangirira pa mitengo ya jakaranda ya pabwalo la tchalitchi, pomwe pali mthunzi. Chingwe analibe, choncho anang'amba chitenje chawo chakale. Tsoka lake, chitenjecho chinali chofiira.

Tonse tikudziwa zomwe munthu wa kuno amaganiza akaona mizu youma itamangidwa ndi kansalu kofiira pamtengo. Ifetu timayenda ndi kolona m'thumba lina, mantha m'thumba lina. Manong'onong'o anayamba pamsika, anadutsa Libala, ndipo pofika ku Woodlands amayi anali atasanduka mfiti yokhwima. Wa kwaya akatsokomola, mlandu unali wa mizu. Amayi anzawo ena, amene ana awo analeredwa ndi amake Towela, anayamba kusuntha pabenchi.

A Nicodemus, wapampando wa khonsolo ya parishi, anawaitana pansi pa mtengo.

"Ba Perpetua, ivi vamene mumangilila apa ni vichani? Bantu bayopa."

"Ndi maluwa, a Tcheya."

"Maluba yalibe na masamba? Ni mizyu chabe iyi. Tizavishoka vonse. Na nsalu za pa guwa mubweze, bazayamba kuwasha benangu."

Amayi sanakweze mawu. Anabweretsa nsalu zija zitasitidwa kale, napempha chinthu chimodzi: "Nsalu tengani, ndi za Ambuye, si zanga. Koma tomerati musatiotche mpaka Pasaka. Tikapanda kumasula maluwa, machesi ndidzabweretsa ndine."

Bambo Mfumu atamva, anati palibe choipa kudikira. Umo munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mizu ija inkaoneka yakufa ndithu. Miyezi imeneyo inali yowawa kwa amayi. Makasitomala anawathawa. Towela anawachonderera kuti asamukire kwa iye ku Chelstone, koma anakana. Misa sanaphonyepo, ankangokhala pabenchi yakumbuyo. Loweruka manja awo ankasowa chogwira, ndipo Towela akuti ankawapeza akusita mipango yosita kale. Ine zimandipwetekabe mtima ndikakumbukira.

Mvula inabwera, mizu inabiriwira, koma maluwa ayi. Khirisimasi inadutsa. Anthu ena anayamba kufunsana za machesi aja moseka.

Lamulungu lina mkati mwa Lenti, nyengo imene paguwa sitiikapo duwa ngakhale limodzi, tinatuluka mu Misa yoyamba n'kupeza nthambi zija zili mbuu ngati wina wawazapo ufa. Pa mizu yonse panali timaluwa toyera tosawerengeka, tondondozana pa timapesi, kalikonse kochepa kuposa njere ya mapira. Kuti munthu aone bwino ankayenera kuyandikira ndi kuwerama. Ndinaona mabwana a masuti akuwerama, ena akuchita kugwada pamtengo womwe ankauzemba. Amayi a gulu la Anna Woyera anayamba nthungululu, kwaya n'kulandira, ndipo Misa yachiwiri inachedwa kuyamba.

Tsiku lomwelo a Nicodemus ananyamula okha nsalu za paguwa, nadutsa pakati pa anthu mpaka pabenchi yakumbuyo. Amayi anazilandira ndi manja awiri, anazitembenuza, nati, "Amene amachapayu sakutsukuluza bwino." Tchalitchi chonse chinaseka, ena tikupukuta misozi.

Anachapanso nsaluzo mpaka miyendo itakana. Tomera tija tinachulukana, ndipo mabanja a ku Kabwata ndi ku Kabulonga ankabwera kudzapempha kanthambi. Sanam'manepo munthu, ngakhale amene anawanena.

Amayi atadwala, a Nicodemus anapita ku Chelstone kwa Towela kukawaona. Anagwada pafupi ndi bedi.

"Amai, ninakulakwilani maningi. Pa bantu ninalephela kukamba."

"Zimenezo zinatha tsiku lija," anatero amayi. "Dzukani, mawondo anuwo ndi akale ngati anga. Koma auzeni osesa asamathire madzi ambiri pa mizu, imawola."

Analandira mafuta a odwala, ndipo m'mawa mwake, Towela akuwatsogolera kolona, anagona osadzukanso. Pamaliro tchalitchi chinachepa. Bokosi la mayi amene anatchedwa mfiti linanyamulidwa ndi khonsolo yonse ya parishi, a Nicodemus ali kutsogolo, ndipo anakana kulandiridwa mpaka pakhomo la tchalitchi.

Ambuye amene anawayeretsera dzina akali moyo awalandire kwawo, ndipo ife atiphunzitse kudikira tisanaweruze.