Mwala wa ku Chisi

Achimwene, lero mwandibwerera m'maganizo. Mdzukulu wanga anagula bokosi lagalasi loweteramo nsomba, n'kuikamo mwala wotola m'madzi. Mmawa uno wapeza tinkhono tikukwawa pagalasipo, amvekere, "Agogo, taonani kukongola!"

Ndakumbukira mwala munabwera nawo kuchokera ku chilumba cha Chisi uja, nthawi ya makhadi a chipani. Munauika m'botolo lalikulu pamodzi ndi matemba awiri, n'kunena kuti tidikire masiku atatu chifukwa mwala wa m'nyanja subwera wokha. M'mwalamo munatulukadi msundu, kenako kankhono kakuda. Nditati ndikatole, munandimenya dzanja. "Esinati, usakhudze! Kameneka ndiye kamabweretsa likodzo." Koma inuyo tsiku lililonse munkalowa m'madzi omwewo mpaka m'chiuno kukaonjola miono kuti tidye. Mutayamba kukodza magazi, amalume anaseka, ati mwakula, mwasanduka mwamuna. Tonse tinakhulupirira, inu amene munkadziwa zoona n'kumapitabe ku miono. Kuchipatala tinakutengerani mimba itatupa kale.

Tinkhono tija ndatichotsa ndi supuni, mwana akulira. Dzanja munalimenya lija lachita makwinya tsopano, achimwene. Lanu linakwiriridwa likadali losalala.