Zimene a Makutu Anamva

Kuofesi kwathu anthu ophunzira amafufuza za chitetezo cha mayiko a dera lino ndi mapangano amene mayikowo amachita. Ine sindili m'gulu la ophunzirawo, ntchito yanga ndi ya pamakina a fotokope, kusindikiza ndi kumanga malipoti. Pafupi ndi makinawo pali kachipinda kopanda windo, ndipo m'menemo mwakhala a Makutu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinalo tinawapatsa ndife, poti mahedifoni sachoka kumutu kwawo.

Ofufuza akakacheza ndi akazembe kapena akuluakulu a asilikali, amabwera ndi mawu ojambulidwa n'kuwatula kwa mayiwa kuti awataipe. Lamulo lake ndi lakuti dzina la munthu lisaoneke. Kaya uli ndi nyenyezi zingati paphewa, ukalowa m'kachipindamo umatuluka uli Wofunsidwa 9 kapena Wofunsidwa 14. Zimene a Makutu amva zimathera momwemo, ndipo anasainira pepala lolumbira. Ife okonda miseche tinawalephera kalekale. Ukawafunsa kuti, "Lero akuti chiyani akuluakuluwo?" amangoti, "Akutsokomola."

Amuna awo anamwalira, n'kuwasiyira mwana mmodzi. Mwanayo ndi msilikali, ndipo chaka chatha anamutumiza kumsasa wina wa kumapiri, kunja kwa dziko, komwe mayiko ogwirizana akulimbana ndi zigawenga. Pangano lake tonse timalidziwa, poti ndalisindikiza mpaka kutopa nalo: asilikali athu azimenya nkhondo ya pansi, ndipo msasa ukaukiridwa, dziko la abwenzi athu litumize mahelikopita.

Lachitatu lina m'mawa kulira kwa kiyibodi kunangoti zii. A Makutu amabweza mawu ndi phazi, pa kachopondera ka pansi pa tebulo, ndipo ndinamva kakulira mobwerezabwereza. Nditasuzumira ndinawapeza ali kakasi, manja ali pamiyendo, phazi lokha likugwira ntchito. Ndinawafunsa ngati akudwala. Anati ayi, n'kuyambiranso kutaipa.

Sanandiuze kanthu. Ndinadziwonera ndekha patapita masabata atatu, lipoti losamaliza litafika pamakina anga. Pa tsamba 31 panali mawu a Wofunsidwa 14, mkulu wina wa asilikali a abwenzi athuwo: "Papepala tinalonjeza mahelikopita anayi. Awiri anawonongeka, ndipo awiri otsalawo boma lathu silingalole kuti apite kumsasa wa kumapiri uja. Akadzaukiridwa adzaona okha chochita." Mayi aja anali atataipa mawu amenewa ndi zala zawo, osaphonya ngakhale chilembo, n'kumabwerabe kuntchito tsiku lililonse.

Chiyembekezo chawo chinali chimodzi, kuti lipoti likatuluka a boma adzawerenga n'kuchitapo kanthu. Koma kwathu kuno lipoti silituluka lisanapite kwa eni nkhani kuti aikepo ndemanga. Linabwerako tsamba 31 litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira. A Dokotala, mkulu wa ofufuza, analemba m'mphepete chiganizo chatsopano: "Pali zina zofunika kuwongolera pa thandizo la mumlengalenga." Chiganizo choterechi munthu akhoza kuchiwerenga akumwa tiyi osatsamwa.

A Makutu anavula mahedifoni n'kupita kwa a Dokotala, pepala lili m'manja. Chitseko sanatseke, ndiye ndinamva zonse.

"A Dokotala, munthu uja sananene chonchi."

"Ndikudziwa, mayi. Khalani pansi."

"Ndaima bwino. Mwana wanga ali kumsasa umenewu."

A Dokotala si munthu woipa, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinasowa womutukwana.

"Tikalemba mmene ananenera, amudziwa," anatero. "Oyang'anira mahelikopita kumeneko alipo angati? Nambala siingamubise. Amumanga, ndipo palibenso adzatiuze zoona. Komanso abwenzi athuwa akapsa mtima akhoza kuchotsa ngakhale zochepa zimene akupereka. Nkhaniyi ndakawauza kale pakamwa a kuunduna."

"Ndiye ati chiyani?"

"Ati amva."

A Makutu anabwerera m'kachipinda kawo, n'kufufuta mawu a Wofunsidwa 14, n'kuikapo a a Dokotala. Ine ndinasindikiza malipoti mazana awiri, achikuto chonyezimira. Sindinadanepo ndi ntchito yanga ngati tsiku limenelo.

"Mayi, mutsineni khutu mwanayo," ndinawauza. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Asamadalire ndege za papepala."

"Ndimuuze kuti atani? Athawe? Msilikali wothawa mukudziwa chimene amamuchita. Mafoni awonso amamvetseredwa. Ndikayankhula, ndapweteka mwana, ndapwetekanso munthu uja amene anatikhulupirira."

"Ndiye mungokhala chete?"

Kuyambira pamenepo a Makutu anayamba kuwonda, ndipo chakudya chimene amabwera nacho chimabwerera kunyumba chosatsegula.

Mwanayo amaimba Lachisanu masana, akakwera paphiri pomwe netiweki imagwira. Sabata imeneyo anaimba tili pabenchi ya kuseri kwa ofesi. Foni ya a Makutu ndi yofuula, moti ndinamva mawu ake onse, ansangala ngati munthu amene ali kutchuthi. Anadandaula za kuzizira, n'kufunsa ngati denga la kukhitchini linakonzedwa. Kenako amayi ake anafunsa ngati kuli bata.

"Kukumveka mfuti patalipatali, koma musadandaule, amayi. Anzathu aja ali ndi mahelikopita. Tikangoimba, mphindi makumi awiri afika. Atiuza okha abwana."

Ndinawagwira dzanja a Makutu, kaya kuti ayankhule kaya kuti asayankhule, sindikudziwa. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Amayi, mulipo? Netiweki ikuthawa."

"Ndilipo, mwanangu. Tamvera. Kuyambira lero uzigona utavala nsapato."

Mwanayo anaseka. "Nsapato? Amayi inunso! Chifukwa chiyani?"

"Ndine mayi ako. Uzigona utavala nsapato."