Mwana wa Mlenje pa Chiwongolero

Ku ofesi onse ankamutchula kuti a Giyawani, kutanthauza giya yoyamba, chifukwa galimoto ya bungwe ankaiyendetsa ngati wanyamula mazira. Ena ankati ukakwera naye uzitengeratu kamba wa masiku awiri. Iye sankakwiya nazo. Ankangoti, "Othamangawo tikawapeza kutsogoloku akusintha tayala," ndipo kawirikawiri ankawapezadi.

Bungwelo linali loteteza nyama zakutchire, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuuza anthu kuti asiye ulenje. Ofesi inali nyumba yakale kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Pakhonde panali makatoni a matisheti, m'kachipinda kena munali mulu wa mawaya a misampha amene anthu anabweza, ndipo pakhoma lililonse panali chithunzi cha nyama yovulala ikuyang'ana aliyense wolowa. Giyawani ankafika anzake asanafike, n'kuyang'ana oyilo ndi madzi, kumangirira chimkuzamawu padenga la galimoto, kenako kukhala pa benchi kudikira Madamu, mkulu wa bungwelo.

Tineneretu kuti Madamu sanali munthu woipa, chifukwa pa nkhani ngati ino anthu amathamangira kufuna woti amude. Anali mayi amene anaonapo ndi maso awo gwape atakodwa pa waya mpaka mwendo kuwola, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Kwa iwo mlenje aliyense anali wa waya uja. Zosiyanitsa alenje ankati n'kutaya nthawi.

Tsono Giyawani anali mwana wa mlenje, ndipo mumtima mwake sankachita nazo manyazi. Bambo ake, nkhalamba ya ng'ala m'maso onse awiri, ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake chimwalirireni mayi ake. Pa unyamata wawo ankasaka ndi agalu ndi mkondo. Ndiwo anamuphunzitsa kuyenda mphepo ikumuwomba kumaso, kuisiya nyama ya bere ipite, kusatentha tchire, ndi kugawira anansi asanalowe ndi nyama m'nyumba mwake. Waya ankadana naye kuposa Madamu. Ankati wotchera waya ndi mbava, ndiponso mbava yake yaulesi. Nyama ya kutchire ndi imene inamulera Giyawani mpaka anaphunzira kuyendetsa galimoto. Iye mwini anasiya kusaka kalekale, m'tauni mulibe chosaka koma makoswe. Komabe chimkuzamawu chikamafuula pamwamba pa mutu wake kuti mlenje ndi mdani wa dziko, zinkamupweteka. Ankangogwira chiwongolero n'kuyang'ana msewu, poti ana sadya zimene bambo wawo amakhulupirira.

Chimene chinamugwetsa ndi pakamwa pake. Tsiku lina akubwerera ku ulendo wautali, Madamu anatsamira pazenera maso ali otseka. Pofuna kuthamangitsa tulo, Giyawani anayamba kumusimbira wojambula zithunzi wa bungwelo za nguluwe imene inathamangitsa iye ndi bambo ake mpaka onse kukwera mtengo umodzi, mdala pamwamba, mwana m'munsi, agalu atathawa kale kukafika kunyumba. Anaisimba mokoma, wojambula uja mpaka misozi ndi kuseka. Koma Madamu sanali mtulo.

Lolemba anamuitanira mu ofesi mwawo.

"Khalani pansi, a dalaivala. Bwanji simunandiuze kuti munali mlenje?"

"Ndi zakale zimenezo, Madamu. Ndinali mwana."

"Zakalezo ndi zimene tikufuna," anatero Madamu. "Anthu atopa kumva ife a mu ofesi. Akufuna munthu wonga iwo aime patsogolo anene kuti ndinali mlenje, bambo anga anali mlenje, tinkalakwa, ndalapa. Loweruka tili ndi msonkhano kufupi ndi nkhalango ija. Ndamva kuti n'kwanu."

"Ine pakamwa m'polemera, Madamu."

"Polemera? Si ndinakumvani m'galimoto muja?" Anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu. "Ndisakubisireni. Otithandiza achepetsa thandizo. Chaka chamawa galimoto ikhala imodzi, madalaivala mulipo awiri. Ndikamakalankhula ndi akuluakulu ndikufuna ndikanene kuti uyu si dalaivala chabe, ndi mnzathu pa ntchitoyi."

Sanamuopseze, ndipo zikanakhala bwino akanamuopseza, chifukwa munthu wokuopseza umatha kumukwiyira. Giyawani anathokoza, anati akaganiza, n'kutuluka.

Madzulo ake anawapeza akazi ake akusita mayunifolomu a ana patebulo, n'kuwafotokozera zonse.

"Ndiye mwawayankha chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Ndati ndikaganize."

"Muganize chiyani, abambo? Timawu tochepa tomweti. Mukanena, mudzabwera kuno, mudzadya, mawa kudzacha."

"Ndikanene kuti bambo anga ankalakwa? Pamaso pa anthu amene ankadya nyama yawo?"

"Nanga apongozi akakhalako ngati?"

"Iwo sakakhalako, koma ine ndikakhalako."

Mayiwo anaimika simbi. Sanali ouma mtima; apongozi awowo ankawakonda, ndipo ndi iwo ankawawenga zikhadabo ndi kuwathira mankhwala m'maso. Koma ankadziwanso mmene nyumba imakhalira bambo akakhala pakhomo tsiku lonse. Onse awiri anaiwala kuti khoma la kachipinda ka mdala silinkafika kudenga, ndiponso kuti maso akafa makutu amakula.

Lachisanu galimoto inagona kunyumba kuti alawirire. Loweruka m'mawa, Giyawani potuluka anawapeza bambo ake ali khale pakhonde, atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, ndodo ili pamiyendo.

"Unditenge," anatero mdala. "Ndamva kuti mukupita kwathu. Ndikanunkhizeko mphepo ya kumeneko ndisanafe."

Giyawani anayesa zonse. Anati msewu ndi woipa, anati dzuwa likhala loswa mtengo, anati malamulo a bungwe salola kunyamula achibale. Mdala anangoti akawafunsa okha abwanawo. Atafika ku ofesi, Madamu anasangalala kwambiri kuwaona, anawapatsa moni ndi manja awiri n'kuwasiyira mpando wakutsogolo. Ulendo wonse Giyawani anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, koma msewu, kaya uuchedwetse bwanji, umafika.

Msonkhano unali pabwalo la sukulu. Ana anaimba, kenako anachita sewero la mlenje wodzola makala kumaso, woyenda dzandidzandi ngati woledzera, amene anakodwa mu msampha wake womwe anthu n'kufa nako kuseka. Mdala anapatsidwa mpando pansi pa mtengo, ndipo nkhalamba zinzawo zinkabwera imodziimodzi kudzawagwira dzanja. Ankazizindikira ndi mawu, n'kumazifunsa za agalu amene anafa kalekale ngati akufunsa za abale.

Nthawi itakwana, Madamu analengeza kuti tsopano amva kwa mwana wa kumeneko, amene anakulira mu ulenje. Giyawani analandira maikolofoni. Anapereka moni, anthu anayankha. Anaperekanso moni wina, anthu anayankhanso, ena akuseka. Anati iye ndi dalaivala, zimene aliyense anali ataona kale. Anayang'ana kumtengo kuja, n'kuona bambo ake atapendeketsa mutu kuti amve bwino, monga ankachitira kutchire. Pamenepo anadziwa kuti sangathe. Anatembenuka kuti abweze maikolofoni kwa Madamu, ntchito ithe ngati ikutha.

Asanabweze anamva ndodo ikugogoda pansi. Mdala anali ataimirira, akubwera okha molondola mawu a chimkuzamawu, dzanja lili patsogolo. Anafika, anapapasa mkono wa mwana wawo mpaka anaipeza maikolofoni, n'kuilanda.

"Mwanayu musamutopetse, sadziwa kanthu," anatero. "Kutchire ankangondinyamulira madzi, ndipo tsamba likagwa ankayamba ndiye kuthawa, agalu pambuyo." Anthu anaseka. "Mlenje ndine. Akuluakulu muli apa mukundidziwa. Ena mwa inu mano anathera pa nyama yanga."

Anthu anasekanso, ndipo mdala anadikira mpaka bwalo lonse linati zii.

"Ndabwera kudzanena kuti ndinkalakwa. Zonse ndinkachita zija zinali zoipa. Mwana wangayu ndi amene wakhala akundiphunzitsa kunyumba, mpaka ndamva. Ndalapa. Nanunso musiye ulenje."

Ana a sukulu anaomba m'manja, a mu ofesi anaomba kwambiri. Madamu analira, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Wojambula zithunzi anagwada patsogolo pa mdala n'kumajambula. Nkhalamba za pansi pa mtengo zija sizinaombe. Ina inatola chipewa chake n'kumapita, osatsanzika. Giyawani anaima pomwepo manja ali lende, manyazi atamugwira, mkwiyo utamugwira, ndipo pa moyo wake wonse anali asanawakondepo bambo ake ngati nthawi imeneyo.

Pobwerera sanalankhulane, poti m'galimoto munali anthu. Atafika kunyumba dzuwa litapendeka, Giyawani anawavula bambo ake jekete n'kuwakhazika pabedi pawo.

"Bambo, mwachitiranji zimenezi?"

"Iwe ukanatha?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Ndinakuphunzitsa zambiri, koma bodza ndinaiwala kukuphunzitsa." Anagwedeza mapazi kuti awavule nsapato. "Ine dzuwa langa lalowa kale. Anzanga aja akandinyoza, andinyoza mpaka liti? Tonse tili pamzere. Iwe uli ndi ana."

"Ndiye mukuti munkalakwadi?"

"Ndatopa," anatero mdala. "Ndipatse madzi akumwa."

Chaka chitatha galimoto inatsaladi imodzi, ndipo makiyi ake anapatsidwa Giyawani. Dalaivala mnzake anapita kukayendetsa malole, atamugwira dzanja popanda mangawa. Madamu ankauza mlendo aliyense za dalaivala wawo amene anatembenuza mtima wa bambo ake omubala, ndipo Giyawani akamva ankapeza chochita kumatayala. Anapitiriza kufika anzake asanafike, kuyendetsa mwa chizolowezi chake, ndi kukhala chete chimkuzamawu chikamafuula. Maganizo ake pa ulenje sanasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha n'chakuti nkhani za kutchire anasiya kusimba, ngakhale kwa ana ake.

Kenako bungwe linasindikiza chithunzi chija, chachikulu, n'kuchimata pachitseko cha galimoto, mbali ya dalaivala. Mdala anatuluka bwino: jekete, ndevu zoyera, maso oyang'ana kutali. M'munsi mwake analemba ndi zilembo zofiira kuti, "Ndinali mlenje, ndinkalakwa, ndalapa." Giyawani anapempha kuti achimate chitseko cha mbali inayo, koma wojambula anati mbali imeneyo pali kale chizindikiro cha otithandiza.

Kwa nthawi ndithu galimoto sanapite nayo kunyumba. Koma a nyumba yoyandikana nawo anaiona m'tauni, ndipo nkhani inawafika mdala. Anamuumiriza mpaka tsiku lina masana, ana ali ku sukulu, anabwera nayo n'kuiimika pabwalo. Anawagwira bambo ake pamkono kuwatsitsa pakhonde, n'kuwaika dzanja pachitsekopo. Chitsulo chinali chotentha ndi dzuwa. Mdala anapapasa pang'onopang'ono mpaka anapeza m'mphepete mwa pepala, n'kulondola mbali zonse.

"Ndi chachikulu," anatero. "Jekete ikuoneka?"

"Ikuoneka, bambo."

"Akuti alembapo mawu m'munsimu. Alemba chiyani?"

Giyawani anayang'ana zilembo zofiira zija. Akazi ake anali ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, nawonso akudikira.

"Alemba kuti munali mlenje, bambo."

"Basi?"

"Basi."

Mdala anasiya dzanja pachitsekopo kanthawi. "Pamenepo sananame," anatero, n'kupempha kuti awabwezere pamthunzi.