Mchombo pa Mfundo ya Chitenje

Linali tsiku langa lachinayi m'chikuta. Mwana wanga woyamba anali asanagwe mchombo, ndipo analibe dzina. Kwathu ku Chisepo mayi wobereka kumene satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Amayi anga ankasenda mtedza pakhonde.

Nyimbo zinayamba kumveka kuchokera kudambo. Anali anyamata achipani, ankayendera makhadi. Amuna anga analibe khadi lachipani. Mpingo wawo sunkalola kugula.

Ndinaonera pa mng'alu wa chitseko. Amuna anga anawamanga ndi luzi lomwe anasolola pachigafa chathu cha fodya. Apolisi awiri anaima pansi pa mtengo wa mango. Amayi anapita kukawagwadira, akuwomba m'manja. Mmodzi anayang'ana wotchi yake.

Nkhokwe inayaka. Chimanga chinkathetheka. Utsi unalowa m'nyumba, mwana n'kuyamba kutsokomola. Ndinaimirira, ndinakhalanso pansi. Pakhomo panali anthu a zibonga. Komanso tsiku langa lotuluka linali lisanakwane.

Kenako ndinamva khasu kuseri kwa nyumba. Amayi ankaboola khoma.

"Tuluka, Nachisale. Mwambowu ndaswa ndine, osati iwe. Pita kwa azakhali ako ku Malomo. Ine ndikupeza komweko."

Ndinatuluka chokwawa, mwana ali pachifuwa.

Inali nyengo yotentha. Minda inali yoyera, yopanda pobisala. Ndinkayenda m'makwawa. Magazi anali asanasiye. Midzi ndinkailambalala, chifukwa pachitsime paliponse ankafunsa khadi.

Tsiku lachiwiri mchombo unagwa tili m'mbali mwa mtsinje. Ndinauwakha usanagwere pakati pa miyendo ya mwana, monga anandilangizira amayi. Wokwirira mchombo ndi agogo a mwana. Ndinaumanga pa mfundo ya chitenje kuti ndidzawapatse.

Tsiku lachitatu ndinafika pamsewu waukulu. Apolisi anali atatseka ndi migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Kumtunda ndi kumunsi kunali anyamata achipani. Ndinagona m'tchire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Nyerere zinkandiluma, osagwedezeka. Mkaka unachepa. Mwana analira.

Anabwera wapolisi wachikulire, wa imvi m'mbali mwa chipewa.

"Khadi, mayi."

Ndinawerama. Ine kuyambira ndili mwana sinditha kuyang'ana bambo kumaso. Ndinkangoona nsapato zake.

Anaona mfundo ija. Masiku amenewo azimayi ankamanga makhadi awo pachitenje.

"Masulani."

Zala zinkakana, ndinamasula ndi mano. Ndinatambasula dzanja.

Nsapato zija zinabwerera m'mbuyo. Manja ake anawaika kumsana. Bambo amene akugona ndi mkazi wake sakhudza khanda la m'chikuta, kuopa kulitsempha. Iye ankadziwa zimenezo.

"Ndi wamasiku angati?"

"Asanu ndi awiri, bwana."

Anatembenuka. Kenako anakuwira mnzake amene anali pamigolo.

"Awa ali nalo khadi. Tukula mtengowo."

Ndinawoloka msewu nditafumbata mchombo. Dzina la wapolisiyo sindinalidziwe.

Ku Malomo ndinafika patapita masiku ena awiri. Azakhali anakwatiwa kubanja la Akatolika, ndipo onse anali ndi makhadi. Anandiika m'chipinda chosungiramo mtedza. Kwa anansi ankanena kuti ndine mdzukulu wodwala chifuwa chachikulu, kuti asalowemo. Ndinakhala mmenemo mpaka mvula itagwa. Phazi likamveka pabwalo, ndinkati ndi amayi.

Amuna anga anabwera patapita zaka, kuchokera kundende ya ku Dzaleka. Mwana anawathawa, anakabisala kumbuyo kwanga.

Amayi sanabwere. Anyamata aja ataona bowo pakhoma anadziwa amene anaboola. Amayiwo anamwalira ndi mabala a zibonga patapita sabata, ndipo ine ndinamva patatha miyezi itatu.

Tsiku lomwe ndinamvalo ndinamasula mfundo. Mchombo ndinakwirira ndekha, kuseri kwa nyumba ya eni. Mwanayo ndinamutcha Elube, dzina la amayi.