Kamera Yokoka Zakutali

Msuweni wanga Obadiah akakuonani mukubwera mumsewu amayamba kuyang'ana nsapato zake ngati zamuitana. Si mwano ayi, ndi manyazi, manyazi a munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri amene mpaka lero sadziwa koika manja akamayankhula ndi mzimayi. Ine ndine Florida, ndimagulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi masitolo a ku Unit L, kuno ku Seke, mu Chitungwiza. Mayi ake a Obadiah, azakhali a Tabitha, anali alongo awo a bambo anga. Choncho ufulu womunena ndili nawo wonse, ndipo ndimunenadi.

Tonse tinakulira pa famu ya fodya tisanasamukire kuno ku Chitungwiza. Bambo a Obadiah, a Fabiano, anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakalambira m'zigafa za eni ake. Atamwalira tinasanthula nyumba yonse kufuna chithunzi choika pa bokosi, monga timachitira pa maliro. Tinapeza chimodzi chokha, cha pa chitupa chawo chachitsulo. Atakachikulitsa ku tauni chinabwera ngati utsi: makutu awiri ndi maso a munthu woopa wapolisi. Atsibweni amene ankaseketsa komboni yonse anapita ndi nkhope imeneyo. Tsiku lomwelo Obadiah anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale, n'kunena mawu anayi okha: "Amayi sadzapita ndi chitupa."

Zaka zinadutsa. Obadiah ankapaka vanishi pa fakitale ina ya mipando ku Harare, m'mawa kukwera kombi mu Seke Road, madzulo kubwera akununkha mankhwala. Mkazi wake Rumbidzai anapita ku Joni ndi mwana wawo wamkazi kukafuna ntchito, ati abwera pa Khirisimasi, koma sananene kuti Khirisimasi yake iti. Mwanayo akaimba foni, Obadiah amayankhula Chichewa, iye n'kumayankha m'Chishona kuti, "Zvakanaka, daddy," basi nkhani yathera pompo. M'nyumba munatsala anthu awiri, mayi ndi mwana. Azakhali ndiwo okha amene Obadiah ankacheza nawo m'Chichewa kuyambira moni mpaka kutsanzika.

Mwina mukuti bwanji sanangowajambula ndi foni. Foni yake inali kaja timati kambudzi, ka mabatani kosajambula, ndipo yanga azakhali ankaikana kwamtuwagalu. Anaona mmene ndinalirira foni yanga yoyamba itabedwa mu kombi pamodzi ndi zithunzi zonse za ukwati wa mwana wanga. "Za mufoni zimathera mufoni," ankatero. "Ine ndikufuna kamera yeniyeni."

Ndiye Obadiah anayamba kusankha kamera. Ndikuti kusankha, abale! Kwa miyezi khumi, Loweruka lililonse ankapita ku Harare, ku kasitolo ka bambo wina dzina lake Bothwell, wogulitsa makamera ogwirapo kale ntchito. Ankanyamula iyi, kusuzumira, kuitula, kunyamula inayo. Pobwera ankaima pa tebulo langa n'kumandifotokozera za mamegapikiselo, ine ndikuthamangitsa ntchentche. Ndinamuuza kuti, "Asuweni, ndionetsetse anathetsa nkhosa. Azakhali sakubwerera ku utsikana." Anangoyang'ana nsapato.

Pamapeto pake Bothwell anatopa naye n'kumuyalira makamera atatu. Yoyamba inali kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Yachiwiri inali yosintha magalasi, yokhala ndi galasi lalifupi, ndipo Bothwell anati imeneyo ndiyo ya nkhope za anthu, bola uime pafupi ndi munthuyo. Yachitatu inali yonenepa, ya zumu yaitali, galasi lake limatuluka ngati khosi la kamba.

"Mudhara, mukufuna kujambula chiyani kwenikweni?" anafunsa Bothwell, akusakaniza ndi Chishona.

"Amayi anga."

"Saka tengani yachiwiriyi."

Koma Obadiah anali atasuzumira kale mu yachitatu ija n'kuona mayi wina wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu, makwinya onse a pachipumi, mwini wake osadziwa kanthu. Kwa munthu ngati iye, chimenecho chinali chozizwitsa: kuona nkhope ya munthu bwinobwino popanda kumupatsa moni. Anatenga yonenepayo.

Atafika nayo kunyumba anakhala pakhomo pambali pa azakhali, amene ankasadzula nkhwani, n'kumatobwanya mabatani osadziwa kuti ili n'la chiyani. Azakhali anamuseka mpaka misozi, kenaka anaika malamulo awo.

"Tamvera, iwe Obadiah. Usadzandijambule ndi zovala za pakhomo. Anthu asadzandione pa bokosi ndili ngati wochokera kokapalira fodya. Ndapalira zakwana. Undijambule ndili mu yunifolomu."

Ankanena yunifolomu ya amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu: bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Timavala Lachinayi.

"Chabwino, Amayi. Lachinayi m'mawa musananyamuke."

"Iyayi. Ndiime ndekha pakhomo ngati mkwatibwi? Yunifolomu si yodzionetsera. Ubwere kutchalitchi potuluka, undijambule ndili pakati pa anzanga."

Apa ndiye panagona vuto. Nthawi inalipo, pakuti fakitale inali itachepetsa masiku a ntchito ndipo Lachinayi ankakhala pakhomo. Koma kumuuza Obadiah kuti alowe pakati pa amayi makumi anayi ongotuluka kumene m'mapemphero, pakamwa pali poyabwa, kunali kumutuma kukafula njuchi masana. Lachinayi loyamba anafika mpaka pageti. Mayi wina anakuwa kuti, "Taonani mwana wa a Tabitha watitengera wailesi ya kanema!" Gulu lonse linaphulika kuseka, ine ndemwe ndinali momwemo, ndipo msuweni wanga anabwerera chambuyo mpaka kutsidya kwa msewu, pafupi ndi mjigo pomwe anthu amandanda ndi zigubu. Kuyambira tsiku limenelo malo ake anali amenewo. Ankaima pamenepo, kutulutsa khosi la kamba lija, n'kumawombera zithunzi ali kutali.

Timatuluka dzuwa lili paliwombo. Zithunzi zonse zinkatuluka mofanana: bulauzi mbuu, duku mbuu, pakati pake mdima bii. Zina zinali zogwedera ngati wojambula akumva malungo. Azakhali ankabweretsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera pafupi ndi mphuno n'kufunsa kuti, "Nanga ine ndili pati?" Obadiah ankati Lachinayi likubwerali zikhala bwino.

Chomwe chinkandipsetsa mtima n'chakuti zina zonse ankajambula bwino. Nkhunda zitandanda pa mawaya a magetsi. Kombi itatsekula chitseko, kondakitala akulendewera. Miyala ikuluikulu yosanjikizana ya kuno kwathu, ili ndi nsalu za anthu opemphera pamwamba pake. Ankayenda yekha kuchokera ku Unit L mpaka ku Unit A, kamera ili m'khosi, ndipo pobwera ankandionetsa. Zinali zokongola, sindikana, koma ndinaona kuti m'zithunzi zonsezo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe womuyang'ana iye. Anthu onse anali cham'mbali kapena chakumbuyo, ali pa zawo. Zinandimvetsa chisoni kuposa mmene ndinamuuzira.

Miyezi isanu ya nkhope zakuda itakwana, ndinamukalipira. "Safunsa anadya phula. Bwererani kwa amene anakugulitsaniyo mukafunse!"

Bothwell anangoyang'ana zithunzi zitatu n'kupukusa mutu. Anati kamera ikakhala pa kachizindikiro kobiriwira, pomwe imadziganizira yokha, ikaona zoyera zambiri padzuwa imayesa kuti kuwala kwachuluka, ndiye imatsinzina, nkhope n'kuda. Anatinso zumu ikakoka zakutali imakokanso kunjenjemera kwa manja. Anamuonetsa batani louza kamera kuti iyeze kuwala pa nkhope, osati pa nsalu. "Asi mushonga, mankhwala ake enieni, ndi miyendo, mudhara. Aikeni amayi pamthunzi. Swederai pedyo, yandikirani, mapazi atatu basi."

Obadiah anabwera ali munthu wina. Anayeserera pa tomato wanga, kenaka pa ine, nditavala duku loyera pansi pa lona. Anaima pafupi, ndipo nkhope yanga inatuluka yonse, mpaka chipsera cha pachibwano. Tinapangana kuti Lachinayi ine ndidzakokera azakhali ndi anzawo awiri pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi, ndipo aliyense womuseka adzaonana ndi ine.

Lachiwiri m'mawa azakhali anagwa akusesa pabwalo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali ya kumanja itafa, pakamwa patapotokera kumodzi, mawu akutuluka olemera. Patapita milungu ingapo Obadiah anasita yunifolomu ija, ine n'kuwaveka, ndipo amayi awiri a Chigwirizano anabwera kudzakhala nawo m'mbali. Koma atangoona kamera, azakhali anakweza dzanja lamoyo lija n'kuphimba nkhope. Sanachotse mpaka kamera itabwerera m'chikwama. Obadiah sanayesenso. Anawasamala miyezi isanu ndi iwiri, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, ndipo azakhali anatisiya mu June, kukuzizira.

Masana a tsiku lomwelo, anthu akumanga tenti pabwalo, ine ndi Obadiah tinakhala kuchipinda n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'zithunzi za mu khadi ya mu kamera. Zinali masauzande. Nkhunda, makombi, miyala, mabulauzi oyera opanda nkhope, nkhundanso. Chala chinachita kuwawa. Tinabwerera mpaka kumayambiriro, pa chithunzi choyamba penipeni, ndipo ine ndinagwira pakamwa.

Chinali cha tsiku limene anagula kamera, pamene ankatobwanya mabatani pakhomo paja. Chala chinadina chokha. Azakhali anali pamthunzi wa khonde, pafupi kwambiri moti ukanawagwira phewa. Anavala juzi yakale ya malemu amuna awo, yobooka pachigongono, duku lakuda litapendekera, nkhwani zili pamiyendo. Ankaseka, pakamwa pali yasa, mpata wa dzino lawo logulukalo ukuoneka, mphini za m'masaya zikuwerengeka, maso ali pa mwana wawo. Anali iwo enieni, amoyo.

"Ichi!" ndinatero ndikulira. "Thamangani mukachitsukitse, asuweni. Mulungu watikumbukira."

Obadiah anachiyang'ana nthawi yaitali. "Anakana," anatero.

"Anakana asanachione! Mukufuna anthu aike maluwa pa mdima?"

"Anati asadzaoneke ngati wochokera kokapalira. Munalibepo inu, asuweni. Anandiuza ine."

Ndinamunena zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera pa nyumba ya maliro. Ndinati manyazi ake anamana azakhali nkhope ali moyo, tsopano liuma lake likuwamananso atafa. Koma ulendo uno sanayang'ane nsapato, anandiyang'ana ine. Kenaka anasankha chimodzi mwa za Lachinayi zija, chosagwedera kwambiri, n'kupita nacho yekha kokatsukitsa.

Pa bokosi panakhala chimenecho: mayi ataima pakati pa anzake awiri, bulauzi yoyera, duku loyera, buku la nyimbo lili pachifuwa, nkhope ili mumdima. Ndinamva anthu akunong'onezana kuti, "Ndiye wojambula wake ameneyu?" Obadiah anamva nawo. Koma mayi wamkulu wa Chigwirizano atafika pa bokosi anaima, n'kugwira felemu. "Ndi Tabitha uyu," anatero. "Ndani wina ankagwira buku chonchi?" Chitupa chinatsala m'sutikesi.

Papita chaka tsopano. Obadiah akukhala yekha m'nyumba ija. Amayendabe ndi kamera, koma anagula khadi ina, ndipo yakale ija amaibwezeramo akafika pakhomo. Ine ndinamusungira mkwiyo nthawi yaitali, ndipo sindinganene kuti unatheratu.

Lachinayi lapitali ndikuchokera kutchalitchi ndinapatukira kwawo kukamusiyira masamba. Ndili pageti ndinamva akuyankhula Chichewa, momasuka, mosadodoma, mmene sayankhulira ndi wina aliyense wa ife. Ndinayesa kuti kwabwera mlendo. Anali yekha pakhomo paja, kamera ili pabondo, kagalasi kakuwala. "Madzi abwera lero, Amayi," ankatero. "Ndadzaza zigubu zonse, ndi ndowa yanu yobiriwira yomwe."

Ndinatsokomola kuti andimve. Sanabise kamera. Ndinakhala pambali pake, pamalo pomwe azakhali ankakhala, tonse n'kuyang'ana nkhope yosekayo.

"Koma bwanji osangochitsukitsa, asuweni?" ndinafunsa, ulendo uno mofatsa. "Maliro anatha. Muchikoloweke kuchipinda kwanu. Khadi ikadzawonongeka mudzatani?"

Anapukuta kagalasiko ndi nsonga ya malaya.

"Ndikachitsukitsa chionedwa ndi anthu," anatero. "Muno akuseka ine ndekha."